Bondo la a Khoromana ndi Buleki ya Bokosibode

A Blackson Khoromana ankayendetsa bokosibode ya pa esiteti ina ya tiyi kumunsi kwa phiri la Thyolo. Inali galimoto yaing'ono, kutsogolo mpando wa anthu awiri, kumbuyo bokosi lamatabwa, ndipo ntchito yake inali kutsitsa mabokosi a tiyi kukawasiya ku siteshoni ya sitima ku Luchenza, pobwerera n'kutenga makalata, mchere ndi zitsulo za ku fakitale.

Iwowa anabadwira kutsidya kwa malire, kuseri kwa Mulanje. Anabwera kuno akadali anyamata, potsatira amalume awo amene ankathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Mwini munda anawaloleza kumanga m'mphepete mwa nkhalango, iwo n'kumagwira thangata. Poyamba a Blackson ankazula zitsa, koma pokhala anali aatali ndi amphamvu, anawasankha kuti azinyamula machila. Nkhondo ya Ajeremani itabwera anawatenga umtengatenga, ndipo kumeneko ndi kumene anagwa pa miyala atasenza bokosi la zipolopolo, bondo lakumanja n'kuphwanyika. Linapola, koma nyengo yozizira linkawakumbutsa.

Atabwerako anakwatira mayi Anesi, othyola tiyi, nabereka mwana wamkazi, Leah. Machila anali atayamba kutha. Galimoto itafika pa esiteti, a Blackson anapempha ntchito yoitsuka ndi kupukusa hendulo yolizira injini. Ankakwera kumbuyo, maso ali pa mapazi ndi manja a woyendetsa. Zaka zitapitapo anakatenga laisensi ku boma, ndipo ankakonda kunena kuti, "Kale ndinkanyamula mzungu paphewa, lero ndimamunyamula nditakhala pansi."

Vuto linadza mu Juni wa 1934. Chiperoni chinagwa cha mtima bii: nkhungu yokhayokha, mvula yowaza yosaleka, mphepo yolowa mpaka m'mafupa. M'mawa wina a Blackson ananyamuka ndi mabokosi, pambali pawo patakhala a Elson, kapitawo wa ku fakitale. Atangotuluka pachipata panali mtsetse wautali wothera pa kamlatho. Anaponda buleki. Chopondera chinangoti gwa, ngati aponda chitsa. Anapondanso atadzuka pampando, galimoto ikungowonjezera liwiro. Anabweza giya, injini inalira ngati ng'ombe, nakhotetsa chiwongolero kulowetsa galimoto m'tchire la tiyi, mmene inakaima mphuno itamira m'masamba. Palibe anavulala.

A Elson sanali munthu wanjiru. Anakanena kwa bwana wa esiteti zimene anaona ndi maso awo: kuti a Khoromana m'mawa umenewo ankatsimphina, ndipo pa mtsetse mwendo unawakanika. Galimoto ataikoka ndi ng'ombe n'kuibweza ku fakitale, bwana anakwera yekha masana, nazungulira nayo bwalo. Buleki inagwira bwinobwino.

"Blackson, galimoto ilibe vuto," anatero bwana, mosakalipa. "Mwendo wako watopa. Pumula mpaka Lolemba, tione ngati tingakupezere ntchito ya pansi."

"Bwana, mwendo wanga ndimaudziwa," anayankha a Blackson. "Iyi ndi buleki."

Kunyumba nakonso mlandu unawagwera. Mayi Anesi ankadziwa mmene amuna awo ankadzukira masiku a chiperoni, atagwira khoma.

"Abambo a Leah, musamakane zinthu zooneka," anatero. "Bondo lanulo m'mawa limauma, dzuwa likakwera limamasuka. Lero m'mawa mwalephera, masana mzungu wapeza zonse zili bwino. Nanga tinene kuti chitsulo chimadwala nyamakazi?"

Mawu amenewa anawalowa. Zinalidi zoona, bondo ndi buleki zinkauma nthawi imodzi n'kumasukanso nthawi imodzi. Anakhala pakhonde akusisita bondo lija, ndipo kwa kanthawi anadzifunsa ngati ukalamba sunawapeze osadziwa. Koma anakumbukira mmene phazi linamvera. Mwendo wofooka umanjenjemera, umagonja wokha. Wawo sunagonje, unakankha mpaka msana kuwawa. Chimene chinakana ndi chitsulo.

"Amake Leah," anatero, "mawa kukacha mundiperekeze ku shedi."

"Kukatani ine?"

"Mukaponde. Miyendo yanu palibe amene akuikayikira."

Kutacha, nkhungu idakali thoo, anatsetsereka awiriwo kupita ku shedi ya galimoto. Mayi Anesi anasenza mtsuko wa madzi otentha amene anaphitsa kuti athowe bondo la amuna awo, poti amunawo anakana kudikira. A Blackson sanalize injini. Anayamba aponda okha ndi mwendo wakumanzere, wabwinowo. Gwa. Anamwetulira.

"Kwerani."

Mayi Anesi chibadwire anali asanakhalepo pa mpando wa dalaivala. Anakwera mwamanyazi, akukokera nsalu yawo, nagwira chiwongolero ndi manja onse awiri ngati chiwathawa.

"Chapakaticho ayi, pa galimoto iyi n'cha mafuta; buleki ndi chakumanjacho. Pondani."

Anaponda. Anapondanso atakukuta mano. Mayi amene ankakwera mapiri a tiyi tsiku ndi tsiku dengu lili kumsana analephera kuchisuntha.

"Ii! Koma ichi ndiye chamera mizu," anatero. "Ndiye dzulo munkaponda chimenechi?"

"Chomwecho. Musatsike, ntchito yayamba kumene."

Anayala thumba pansi nalowa kunsi kwa galimoto chagada. Mabuleki a galimoto za masiku amenewo ankayenda ndi ndodo zachitsulo. Chopondera chinkakoka mtanda wachitsulo wopingasa kunsi kwa mpando, mtandawo ukatembenuka unkakoka ndodo zopita ku mawilo onse. A Blackson anaganiza kuti mwina wilo limodzi ndi limene lagwira. Anazula pini ya ndodo yoyamba.

"Pondani!"

"Chikukanabe!"

Anazula ina, kenako ina, mpaka mawilo onse anawamasula, ndodo zili lendelende. Tsopano chopondera chinalibe chokoka, chinayenera kugwa chokha ngakhale mwana atachikhudza.

"Pondani!"

"Abambo a Leah, n'chimodzimodzi!"

Apo anadziwa kuti matenda sali ku mawilo. Anatsata ndi zala mpaka pamene mtanda uja umazungulira m'mabowo ake awiri. Anapalapo ndi chikhadabo, n'kutuluka chinthu chofiirira, cholimba ngati phula. Inali girizi yakale yosakanikirana ndi dothi lakatondo la m'misewu ya Thyolo, madzi ndi dzimbiri. Pafupi pomwepo pankadutsa paipi yotulutsa utsi. Anagona akuiyang'ana paipiyo, zonse n'kulumikizana m'mutu mwawo: galimoto ikayenda kanthawi paipi imatentha, phula lija limasungunuka, buleki imafewa. Ikagona usiku wa chiperoni, limaumanso. Bwana anaiyesa atazungulira nayo bwalo, itatenthedwa kale.

"Tandipatsirani madzi aja."

"A bondo lanuwa?"

"Omwewo. Bondo lidikire."

Anathira pang'onopang'ono pa mabowo onse awiri, nthunzi ikuwakwera kumaso, madzi ofiira akuwatsikira m'khwapa.

"Tayesani tsopano."

Kunamveka phwa, chopondera chitagunda thabwa la pansi, ndi mfuu ya mayi Anesi amene anangotsala pang'ono kugwera kutsogolo.

"Mayo! Ndathyola galimoto ya mzungu!"

A Blackson anaseka kunsi kuja mpaka kutsokomola. Ndi mmene anawapezera a Elson pobwera kudzatsekula fakitale: mkazi ali pa chiwongolero, mwamuna akuseka pansi pa galimoto.

A Blackson sanafune kuti nkhani ithere pa mawu awo okha. Anapempha kuti galimoto isakhudzidwe tsiku limenelo, igonenso momwemo. M'mawa mwake anaitana a Elson ndi bwana injini isanalire. Bwana anaponda, chopondera chinakana. Anagwada nasuzumira pamene a Blackson ankaloza, napala phula lija ndi mpeni wake, n'kugwedeza mutu.

"Chabwino. Tenga palafini ndi girizi ku sitolo. Ukatha undiuze."

A Elson anavula chipewa. "Achimwene, ine ndinanena zimene ndinaona."

"Munaona bwino," anatero a Blackson. "Ndinkatsimphinadi. Gwirani sipanala iyi."

Anagwira ntchito awiriwo mpaka dzuwa kupendeka. Anatsitsa mtanda wonse, kuuviika m'palafini, kuupala ndi mchenga wosalala mpaka kuwala, kupaka girizi yatsopano, kubwezera ndodo iliyonse pamalo pake. A Blackson anadula zikopa ziwiri pa nsapato yakale nakulunga pa mabowo aja kuti matope asamalowe. Lolemba anatsika mtsetse uja mabokosi ali odzaza, a Elson ali pambali, ndipo galimoto inaima pamene iwo anafuna.

Anayendetsabe zaka zingapo. Chaka chilichonse mwezi wa Meyi ukamatha, ankalowa kunsi kwa galimoto ndi botolo la palafini osadikira kuuzidwa. Madalaivala a malole a amwenye ku Luchenza, a Che Kasimu ndi anzawo, anatengera mwambowo, ndipo ena ankabwera kudzawafunsa galimoto zawo zikachita zachilendo.

Koma bondo nalo silinali kunama. Pofika 1939 linayamba kutupa ngakhale m'chilimwe. Tsiku lina pa siteshoni, mbuzi inadumphira mumsewu, ndipo a Blackson anaona kuti phazi lawo lachedwa kuchoka pa mafuta kupita pa buleki. Mbuzi inapulumuka, palibe wina anazindikira kanthu. Atafika ku esiteti anaimika galimoto m'shedi, anaipukuta, nalunjika ku ofesi.

"Bwana, pezani dalaivala wina. Ulendo uno ndi mwendo."

Anasamukira kwa Mphuka, kumene Leah anakwatiwa, nabzala nthochi ndi chinangwa m'mbali mwa phiri. Pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo anaikapo benchi ndi bokosi la masipanala, ndipo anthu ankakankha njinga zawo kuchokera kutali kudzakonzetsa. Mwini njinga akayamba kufotokoza chimene akuganiza kuti chawonongeka, a Blackson ankamumvetsera mpaka amalize, kenako ankaitembenuza njingayo miyendo m'mwamba, n'kuzungulitsa wilo okha.