Mkono Unali Bwino, Mamakisi Anakana

Ndinasankha kupita ku Amereka tsiku limene bambo Sakala anabwera kwathu ku komboni ya George ndi kalata m'thumba la jekete. Iwowa ndi amene anatiphunzitsa besibo pabwalo lafumbi kuseri kwa sukulu, masewera oti wina aponya kampira kolimba, wina amenya ndi chibonga. Ine ndinali woponya. Anatumiza kavidiyo kanga ku koleji ina yaing'ono, ndipo kumeneko anayankha kuti ndipite ndizikawasewerera, iwo azindilipirira sukulu ndi pogona.

Amayi anamvetsera ataima pakhomo. "Manje ba Sakala, bamufunira mpira olo sukulu?"

"Vonse viwiri, amake Yotamu. Chimodzi chikagwa, chinzake chagwa."

Chaka chimenecho kwacha inkatsika mwezi ndi mwezi, magetsi ankazima tsiku lonse, ndipo kampani imene bambo anga ankagwirako inali itatseka. Ndinavomera kalatayo isanawerengedwe mpaka kumapeto.

Kochi wathu kumeneko anali mdala wamtali wotsimphina, wosaseka. Lamulo lake linali limodzi. Aphunzitsi ankamutumizira mamakisi athu, ndipo Lachisanu lililonse ankamata pachitseko chake mayina a okwera basi kupita kukasewera. Wotsika m'kalasi ankatsala, ngakhale akhale katswiri wotani.

Lero ndikakumbukira, kuzizira sikunandipweteke ngati Lamlungu. Anzanga ankapita kwa makolo awo, ine n'kutsala m'chipinda ndi foni, kumvetsera mawu amene amayi anandijambulira. "Unga wakwela futi. Malasha nayo. Batate bako bakali chabe pa nyumba." Ndinkamvetsera katatu, kanayi. Ndinayamba kutsuka mbale kukhichini ya koleji, kenako mobisa kunyamula makatoni m'sitolo ya munthu wina Loweruka ndi Lamlungu. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza. M'kalasi ya masamu ndinkaodzera cholembera chili m'manja.

Chaka chachiwiri timu yathu inayenda bwino kuposa kale lonse. Tinatsala ndi masewera amodzi kuti titenge chikho cha dera lathu, ndipo aliyense ankadziwa kuti woponya ndine. Lachisanu ndinaima pachitseko chija, ndinawerenga mayina kuchokera pamwamba, n'kuyambiranso kuchokera pansi. Langa panalibe.

Ndinalowa osagogoda. "Kochi, mwandiiwala."

"Sindinakuiwale. Ndinakuchenjeza kawiri. Ndinakupezera wokuthandiza masamu, sunapite. Umakhala kuti?"

Ntchito ya m'sitolo ija inali yoletsedwa kwa ife ochokera kunja, ndipo kuitchula kunali kudzithamangitsa ndekha. Wachiwiri wa kochi, amene anali momwemo, anandipepesera kuti kochi andilole kamodzi kokhaka.

"Ndilolera kuluza," anatero kochi, maso ali pa ine. "Mkono umenewo udzatha usanafike zaka makumi atatu. Ukadzatha udzagwira chiyani?"

Basi inanyamuka ndikuyiona pawindo. Analuzadi. Anyamata ena anasiya kundipatsa moni. Kochi anandimenyera nkhondo kuofesi kuti ndipatsidwe temu ina, koma ndinali nditatsalira kutali, ndipo makatoni sindinawasiye. Masamu ndinalepheranso. Thandizo la koleji lija linadulidwa, chilolezo chokhala m'dzikomo chinathera pomwepo. Kwathu ndinangowauza tsiku lofika.

Nditatsika minibasi ku George, ndinalunjika kunyumba. M'chipinda changa ndinapeza mukukhala munthu wa lendi, wowotcherera zitsulo. Bambo anali atayamba kukonza njinga pansi pa mtengo wa mango, amayi ankagulitsa vitumbuwa pafupi ndi pogulira madzi. Palibe amene anaonda.

Ndinafotokoza zonse titakhala panja, za mbale, za makatoni, za chitseko. Bambo ankangopukuta manja ndi kansanza. Amayi anatembenukira kwa ine.

"Nindani anakupempha ndalama, Yotamu?"

"Munali kukamba kuti unga wakwela."

"Unga unakwela, ee. Na anzanga ba Tembo naba Mwansa tikakumana pa madzi tikamba vimenevo. Iwe unali kutali, nikanakuuza chani? Ninali kukucheza chabe, mwana wanga."

Anadzuka, analowa m'nyumba, ndipo ndinawamva akumina. Ndinabadwira m'komboni ino, koma ndinali ndisanazindikire kuti kuno kudandaula za mitengo ndi moni, ndiponso kuti anthuwa kupirira anakuphunzira ine ndisanabadwe.

Mawa lake ndinkaopa kutuluka. Amayi anandipatsa beseni la vitumbuwa kuti ndiwanyamulire, tinadutsa pakati pa mzere wa anthu otunga madzi. Mayi wina anakuwa, "Wa ku Amereka wabwela! Watibweretsera chani?"

Amayi sanachepetse liwiro. "Wabwela yeka. Analephera mayeso. Azalembanso kuno."

"Oho," anatero mayi uja, n'kukankhira chigubu chake kutsogolo.