Lamulo Lokulungira Mchere

Achimwene anga anapita ku nkhondo ya azungu ine ndili mwana, ndipo sanabwererenso. Kunangofika kalata yoti anagwa akumenya nkhondo ngati mwamuna. Nambala yawo ya usilikali ndinailoweza pa kalatayo.

Mzungu amene ankalamulira gulu lawo lonse anadzamanga kufupi ndi Malindi atapuma ntchito. Tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Atamwalira, khukhi wake anatenga bokosi lachitsulo lodzaza mapepala, mkazi wa khukhiyo n'kumakulungira mchere pamsika.

Tsiku lina, nthawi ija ya makhadi a chipani, ndinagula mchere kwa mayiyo. Pofunyulula kunyumba ndinaona nambala ya achimwene. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma Chingerezi cha nthawi yathu sichinali chamasewera. Ndinawerenga kawiri. Linali lamulo lolemba pamanja, losainidwa ndi mzungu uja: asilikali odwala malungo asiyidwe kutsidya kwa mtsinje, mabwato awolotse mfuti ndi nyulu. M'munsi munali mndandanda wa osiyidwawo.

Nyulu! Ndinakhala pansi.

Ndinabwerera kumsika.

"Amayi, mapepala enawo ali kuti?"

"Iii bambo, mwachedwatu. Atsala awa. Enawo tinasonkhezera moto."

"Moto?"

"Nanga anyamata a chipani akanapeza m'nyumba mamapu a nkhondo amene anali m'bokosimo, akanati n'chiyani? Mukufuna amuna anga akagone kundende chifukwa cha zinyalala za mzungu? Kapena mchere wachepa?"

Ndinafufuza otsalawo. Munali za nsapato ndi mabulangete basi.

Mayi anga anali atakalamba, ndipo mkazi wanga anati ndisawauze. Masiku atatu ndinawabisira. Koma ine bodza sindilisunga m'nyumba. Ndinawapeza akuyanika usipa pathandala.

"Amama, achimwene sanafe ndi chipolopolo. Anasiyidwa amoyo, akudwala."

"Anawasiya ndani?"

"Bwana uja."

"Amene ankandigwira chanza pakhomo la tchalitchi?"

"Yemweyo."

Sanalire.

"Anamusiyira madzi akumwa mwana wanga?"

"Pepala silikunena."

Loweruka lotsatira amayi a mpingo ankasesa kumanda. Mayi anga anapita ndi tsache lawo. Anasesa mzere wonse, atafika pa manda a mzunguyo analambalala. Anzawo atafunsa, anati, "Kafunseni mwana wanga, ndiye amatha kuwerenga." Amene anabwera ndinawawerengera.