Zithunzi za m'foni ya mkazi wanga

Mkazi wanga atamwalira, foni yake inayamba kuzima yokha. Zithunzi zake zonse zinali m'menemo, ndipo ndinaopa kuti zitayika. Kwa masiku atatu ndinkazitumiza ku foni yanga, koma sizinkafika.

Kwathu kuno kumalire, foni imagwira netiweki ya ku Zambia mwiniwake osadziwa. Iye ndiye ankandikonzera zimenezi, akuseka: "A ku koleji inu, foni yanu yawolokanso popanda pasipoti. Ibwezeni kumudzi."

Nditakumbukira mawuwo, ndinasankha netiweki ya kuno pa mafoni onse awiri. Chithunzi choyamba chinafika. Anali atakwera njinga yanga pa Kamwendo, atatsinzina diso limodzi chifukwa cha dzuwa. Ndinachiyang'ana kanthawi, kenaka ndinatumiza zotsalazo chimodzichimodzi foni yake isanazime.