Batire Lochokera ku Balaka

Boti lathu linali la thanga, koma mkati mwake munali injini ya dizilo yakalekale imene amuna anga anagula kwa Mmwenye wina wa ku Liwonde. Mphepo ikamaomba tinkakweza thanga. Ikaleka, kapena pokwera Shire kulowera ku Malombe, ndiye injini. Tinkawolotsa anthu, matumba a chimanga ndi madengu a nsomba zouma zopita ku Ulongwe, ndipo tinkadya pamenepo.

Injiniyo ankaidzutsa ndi handulo, chitsulo chopukusa ndi manja. Tsiku lina handulo inabwerera n'kuwamenya pamkono. Fupa linalumikizana, koma mokhota. Kuwongolera boti ankatha, kupukusa iyayi. Boti linakhala padooko, ndipo m'nyumba munalowa nkhani imene sindinkafuna n'komwe kuimva, yoti apite ku Joni kukafuna ntchito iliyonse, ngakhale yaulonda. Bambo anga anapita komweko ndili wakhanda, mpaka lero sindidziwa manda awo. Ndinachita mantha, ndipo ine ndikachita mantha ndimalongolola.

Pambali pa injini panali sitata, yodzutsira injini mongodina batani, imene sitinaigwiritsepo ntchito, chifukwa inkafuna batire. Kwathu batire linalipo limodzi, la alamu anga, akulu awo a amuna anga. Linali batire lotchuka, abale! Linkaliza wailesi pa maukwati onse a m'dera lathu, anthu n'kuvina mpaka fumbi koboo. Kwathu batire tinkaliyesa ndi wailesi basi: likaimba masabata osatha, ndiye kuti ndi lamphamvu.

Alamu analibweretsa padooko monyadira, anthu ali m'mbuyo ngati akuperekeza mkwati. Analumikiza mawaya, amuna anga n'kudina batani. Injini inangoti ngo, ngo, kenako zii.

"Sitata yafa iyi," anatero alamu. "Batire langali silinachititsepo munthu manyazi."

Aliyense anavomera. Madzulo ake amuna anga anandiuza kuti anyamuka limodzi ndi anyamata atatu a m'mudzi amene ankadikira kuti akolole kaye.

Ine sindinavomere. Ndili ku Ulongwe kokagulitsa nsomba ndinafunsa dalaivala wina wa lole yonyamula thonje. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Amayi, wailesi imamwa ngati nkhuku, pang'onopang'ono. Injini ya dizilo imamwa ngati ng'ombe, imafuna zambiri nthawi imodzi. Batire lotopa litha kuimba mwezi wonse koma osadzutsa injini. Mukafuna lenileni, mukaliyese pa injini yozizira, m'mawa."

Nditafotokoza kunyumba, amuna anga anangopukusa mutu. "Mayi a mwana, zamagetsi munayamba liti?"

"Tsiku limene munayamba za ku Joni," ndinawayankha.

Ndinagulitsa mbuzi zanga, zimene anandisiyira malume, n'kukwera basi ya ku Balaka, khadi la chipani ndili nalo pachifuwa poti popanda ilo sukanakwera. Ndinagona kwa azakhali. Kunali kozizira, nthawi ya mwera, ndipo pamene ankatsekula sitolo ya zipangizo za galimoto anandipeza ndili pakhonde.

Wogulitsa anatenga waya n'kukhudza mitu iwiri ya batire lina lokongola. Moto unati thethethe. "Mwaona, amayi? Lamoto ili."

"Moto ndili nawo kunyumba, achimwene. Ine ndikufuna lodzutsa injini. Lole ili kuseriyi yalira lero?"

Inali isanalire. Anadandaula kuti ndikumuchedwetsa, kuti azibambo amene amagula sachita zimenezi. Ndinangokhala pansi pakhomo n'kutambalala. Mwini sitolo anatuluka, anamva nkhani yanga, anaseka, n'kulamula kuti andiyesere. Loyamba, lokongola lija, linakoka lole ngati munthu wodwala malungo. Lachiwiri linali lakuda, lalitali, lolemera ngati mwala wa mphero. Atangodina, lole inabangula, utsi kuti tolo. Ndinaimba nthungululu pomwepo, anthu a pamsewu n'kucheuka.

Chimene palibe anandiuza n'chakuti batire silipendekeka. Nditatsika basi ku Ulongwe ndinapota nkhata, n'kulisenza ngati ndowa. Njira ya kudooko ndi yaitali, yamchenga, ndipo khosi likatopa ndinkalipendeketsa. Ndinkamva kuyabwa paphewa, ine n'kumati ndi thukuta, osadziwa kuti ndi asidi wa m'batire amene ankadontha. Padooko ndinawoloka pa bwato, ndipo pofika kunyumba mpango wanga unali utabookabooka, bulauzi yonse ziboo zokhazokha, paphewa pali chilonda. Apongozi anga aakazi atandiona anagwira pakamwa. "Mwanawe, wakumana ndi chiyani?" Ndinalira pang'ono, osati chifukwa cha chilonda, koma bulauziyo inali yanga yopitira kutchalitchi.

M'mawa mwake alamu anabwera kudzaonerera, manja ali kumbuyo. Anati batire langa ndi loipa nkhope. Ndinawauza kuti silikupita ku ukwati. Amuna anga anamanga mawaya ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, anati Bisimila, n'kudina. Injini inatsokomola kamodzi, n'kuyamba kugunda du du du, boti lonse likunjenjemera. Amuna anga anangokhala pa thabwa, dzanja lokhota lija lili pa chiwongolero, maso ali pamadzi. Ine ndiye ndinasokosera za anthu awiri.

Anthu atakolola, anyamata atatu aja anamanga mitolo yawo. Linali boti lathu limene linawawolotsa kuti akakwere basi, amuna anga akuwongolera. Ndinaima padooko pamodzi ndi akazi awo, mwana ali kumsana, ndipo sindinathe kuwayang'ana kumaso amayiwo. Boti linafika kutsidya, amuna anayi anatsika. Anagwirana chanza nthawi yaitali, moti ndinayamba kuopa kuti amuna anga nawonso apita. Kenako mmodzi anabwerera, anakankha boti n'kudumphiramo, ndipo ndinamva injini ikudzuka.