A Yezakaye Ayeza Magalimoto Atatu

A Yezakaye anali kalipentala, ndipo dzinali sanabadwe nalo. Analipata chifukwa pa nkhani ya muyeso sankakhulupirira munthu. Ukati zenera lako ndi lalikulu mwakuti, iwo ankangoti, "Tiyeze kaye," n'kusolola tepi m'thumba la malaya. Zaka makumi atatu m'shedi ya kuseri kwa nyumba zinawaphunzitsa kuti pakamwa pa munthu pamatalikitsa thabwa.

Ndiye galimoto yawo yakale itafa, mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, n'kunena kuti awagulira ina, iwo sanavine. Anayamba kuyang'anitsitsa nkhope za anthu.

Alamu awo oumba njerwa anafika tsiku lomwelo. "Pikapu, alamu! Munthu wa matabwa wopanda pikapu ndi munthu?" A Yezakaye anangoona njerwa m'maso mwa alamuwo. Pikapu ankaifuna ndi mtima wonse, koma ankadziwanso kuti mwini pikapu alibe Loweruka: aliyense wosamuka nyumba amamukumbukira. Mwana wawo wamwamuna ankalimbikira chigalimoto chachitali cha m'matope, cha matayala ngati a thirakitala. Matope ake ati, mwana woti ulendo wake ndi wa ku ofesi basi? Chimenecho n'chidakwa cha mafuta, chongojambulitsira zithunzi.

Koma amene anawasowetsa mtendere ndi akazi awo. Mayi oti chibadwire sanasiyanitsepo buleki ndi kilatchi, lero akuti, "Bambo, kakang'ono kokwezeka pang'ono kaja si kabwino? Akuti sikamwa mafuta."

"Akutero ndani?"

"Anthu."

Anthu! M'kagalimoto kotero simungalowe thabwa la kabati. Komanso chiwapwetekereni msana chaka chatha, mayi ndi namwino ankanong'onezana m'khitchini, iwo akangolowa nkhani n'kusanduka ya anyezi. Akufuna kunditulutsa m'shedi, anatero mumtima, andikhazike pakhonde ngati mphika wa maluwa. Zinawawawa kwambiri, pakuti manja omwewa ndiwo anaphunzitsa namwinoyo.

Lachiwiri m'mawa anapita ndi akazi awo kogulitsa magalimoto. Wogulitsa anali wa mano oyera ndi nsapato zosongoka, zinthu ziwiri zimene a Yezakaye sankazikhulupirira. Ndiye mkuluyo atapereka moni kuti, "Mwabweranso, amayi?" mlandu unathera pomwepo. Kani mayi anafika kale kuno, okha, kudzapangana naye!

A Yezakaye anatulutsa tepi. Kumbuyo kwa pikapu matabwa akanalowa bwinobwino. Chigalimoto cha m'matope chinali chachikulu kunja kokha, mkati mipando yokhayokha, ndipo pageti pawo chikanapalana ndi khoma. Kakang'onoko sanakayeze n'komwe. Anabwerera pa pikapu n'kugwada kuti aone kunsi ngati kulibe dzimbiri, poti penti yatsopano imabisa zambiri.

Ali chigwadire, anaona mapazi a akazi awo mbali inayo. Mayi anali atatsegula chitseko cha pikapu poganiza kuti palibe akuwaona. Phazi lamanja linanyamuka, kufika pakati, n'kubwerera pansi. Linanyamukanso, linanjenjemera m'malere, n'kubwereranso. Kachitatu kunamveka kubuula kwapansipansi, kenako chitseko chinatsekedwa mwakachetechete.

A Yezakaye anakhala pansi pafumbi pomwepo. Anakumbukira tsiku lija mayi anawapempha kuti adule miyendo ya bedi, ati latalika. Anakumbukira sitepe ya pakhomo imene anaigawa pawiri uku akung'ung'udza. Zonsezo anaziyeza okha, ndi tepi yomweyi, osafunsa chifukwa chake. Ndiye kuti manong'onong'o a m'khitchini aja sanali a msana wawo. Manyazi anawagwira.

Atadzuka anapeza mayi akumwetulira. "Tengani pikapuyi, bambo. Ndi yabwino pa ntchito yanu. Ine nanga ndimapita kuti?"

A Yezakaye anatambasula tepi. Anayeza kuchokera pansi kufika popondera pa pikapu. Anapita pa kakang'ono kaja, n'kuyezanso chimodzimodzi. Kusiyana kwake kunali chikhatho chimodzi ndi zala zitatu.

"Bondoli linayamba liti, mayi?"

"Aaa, ndi kale."

"Ine osandiuza?"

"Munali ndi msana wanu."

Wogulitsa anasendera ndi mano ake aja. "Ndiye bwana, tilembe pikapu?"

A Yezakaye anatsegula chitseko cha kakang'onoko n'kuima pambali. Mayi anatembenuka, anakhala pampando, n'kulowetsa miyendo popanda kugwira paliponse. Bambowo anayang'ana pikapu ija kamodzi, komaliza, kenako anatambasula tepi padenga la kagalimotoko kuti aone pomangirira matabwa.

"Aka," anatero. "Koma matayalawa ndikuwakayikira. Achotse onse ndiwaone."