Tsiku la Ulendo Sauza Munthu

Mng'ono wanga amene amagwira ntchito ku Durban anagulira amayi tikiti ya sitima yapamadzi, zija zokhala ndi zipinda zogona, zongoyenda panyanja anthu akudya ndi kusangalala. Anadzimana kwa nthawi yaitali kuti akakwere awiriwo. Amayi kwawo ndi ku Nsanje, ndipo madzi ambiri amene ankawadziwa ndi osefukira, othamangitsa anthu m'nyumba. Anakondwa ngati mwana, mpaka anakasoketsa madiresi atsopano ku Limbe.

Ntchito yanga inali yowafikitsa padoko la ku Durban sitima isananyamuke. Ine mabasi a ku Joni ndawakwerapo, ndikudziwa kuti mavuto sakhala panyanja ayi, amakhala pamsewu. Basi ikafa kupitirira Tete, kapena mzere ukatalika paboda, sitima sidikira munthu. Choncho ndinawatenga amayi kuchoka ku Nkolokosa kupita m'tauni kukagula inshulansi.

Ofesiyo inali pamwamba pa sitolo ina, yonunkha tchipisi cha dzulo. Mtsikana wa pakauntala ankatafuna chingamu ngati mbuzi yobzikula, maso ali pafoni. Osatiyang'ana n'komwe, anatikankhira inshulansi yotsika mtengo.

"Iyiyi imayamba liti kugwira ntchito?" ndinafunsa.

"Akangokwera sitima."

"Nanga akalephera kufika pasitimapo chifukwa cha basi?"

"Aaa, ndiye kuti ulendo sunayambe, anti."

Zinandinyansa. Munthu watseka chitseko chake, wadutsa maiko, matako atupa m'basi, wina n'kumati ulendo sunayambe! Nditaumirira, anatulutsa ina yoyambira pakhomo mpaka padoko, imene ankaidziwa bwinobwino koma anangoibisa. Titasankha imeneyo, anafunsa tsiku lonyamuka kunyumba.

Apa ndi pamene zinavuta. Amayi anakula ndi mwambo wakuti tsiku la ulendo sauza munthu, chifukwa si onse okumwetulira amene amakufunira zabwino. Amatsanzika chikwama chili kale pamutu. Anatchula tsiku labodza, akunditsina pantchafu. Ine ndinawerama n'kumunong'oneza mtsikanayo tsiku lenileni, poti inshulansi ya tsiku labodza ndi pepala loyatsira mbaula.

Iye anatembenuka n'kukuwira mnzake wa chipinda china: "Amayi awa akunyamuka Lachiwiri likubwerali, basi ya ku Joni!"

Pabenchi kumbuyo kwathu panakhala mayi wina woyandikana nafe nyumba, amene amayi anakanganapo naye za madzi otayira kuseri. Anabwera kudzalipira inshulansi ya galimoto ya amuna ake. Anaimirira n'kuomba m'manja. "Zoona, amayi? Mpaka panyanja? Mulungu akutsogolereni!"

Nkhope ya amayi inagwa. Tili mu minibasi, kondakitala atawafunsa potsikira anangoloza ndi chala. Titafika kunyumba anati, "Lachiwiri sindipita. Lamveka."

Ndinapempha, ndinakalipa, ndinaitanitsa ngakhale amalume, koma amayi akakana amakhala ngati chitsa. Mayi woyandikana uja anabweretsa chigumu cha panjira Lachiwiri m'mawa, amayi anabisala kuchipinda, chigumucho anakachitaya kudzala. Ananyamuka Lachinayi mwakachetechete, nthawi yotsala itachepa kwambiri. Ndinawakweza basi mtima ukuwawa, ndikudziwa kuti pangovuta kanthu kakang'ono, zonse zatha.

Basi inafa asanafike n'komwe paboda ya Zimbabwe. Pamene ankafika ku Durban, sitima inali itapita. Mng'ono wanga sanakwere, anatsala padoko ndi zikwama zake kudikira amayi ake. Pafoni ankangolira.

Nditabwerera ku ofesi ija, mtsikana yemwe uja anati inshulansi inali yabwinobwino, koma amayi anasintha okha tsiku n'kunyamuka mochedwa, ndiye palibe chimene angathandize. Ankanena zoona, ndipo ndi zimene zinandinyansa koposa. Sanakumbukire n'komwe kuti pakamwa pake ndi pamene panayambitsa zonsezi. Ndinatsika masitepe osadziwa woti ndimukwiyire kwambiri, iyeyo kapena mayi wondibala.

Amayi atabwerako, woyandikana uja anathamangira kudzawalonjera, nkhope ili mwee, wopanda mlandu uliwonse.

"Tatiuzani, amayi, nyanja ya kumeneko ndi yotani?"

"Ndi yaikulu," anayankha amayi.

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndinawamva akupinda madiresi aja limodzilimodzi, akulira motsitsa mawu kuti mlendoyo asamve.