Galimoto Yakuda ya Malume

Kansalu kachikasu kaja ndimakaonabe m'maso mwanga. Malume ankakasunga m'thumba la jekete, ndipo mwana akangokhudza galimoto yawo ndi chala, ankakatulutsa n'kupukuta pamalopo pang'onopang'ono, osayankhula kanthu. Bola akanamatikalipira.

Anabwera nayo kuchokera ku Joni dzinja lomwe ndinayamba sukulu. Inali yakuda bii, yaitali, mipando ikadali m'mapulasitiki. Pansi pa mtengo sankaiimika, poopa mbalame. M'mawa, nkhungu isanachoke paphiri, ankailiza osapita nayo kulikonse, ife tili chapatali kununkhiza utsi. Munthu akawapatsa moni ankatsitsa galasi pang'ono, pongokwana zala. Mayi, mlongo wawo wa bere limodzi, ankatandala pamoto tsiku lonse kuwaphikira nyemba za kalongonda, koma mawu oti "kwerani" sanawamvepo. Komabe tinkanyada, poti kwathu malume ndiye mwini mbumba, ana a mlongo wake ndi ake.

Tsiku lina mng'ono wanga woyamwa anadzuka atatentha thupi, maso atatembenuzika. Bambo anali atalawirira kale kukathyola tiyi. Mayi anathamangira kwa malume mumvula, ine pambuyo, ndipo anagwada pakhonde.

"Achimwene, mwanayu. Tithamangitseni ku chipatala cha Mishoni."

Malume anayang'ana mapazi a mayi, matope ofiira mpaka m'miyendo, kenaka anayang'ana msewu.

"Achemwali, galimoto iyi ndi yotsika, ikhula pansi. Pezani wa kabaza."

Wa kabaza anapezeka mochedwa. Mayi anabwerako madzulo wapansi, mwana ali kumsana, atamufunditsa chitenje mpaka kumutu. Sankamugwedeza monga ankachitira masiku onse.

Kaya akanapulumuka, sindidziwa, ndipo sindinamizira kudziwa. M'tauni muno ndaona anthu ambiri a magalimoto otere, ena abwino ndithu. Koma wina akangondiyang'ana kumapazi asanatsegule chitseko, ndimamvanso mvula ija ikumenya malata a pakhonde paja.

Mawa lake la tsiku lija, pa maliro a mwanayo, galimoto inatuluka, m'matope omwe aja, itanyamula akuluakulu a mpingo. Anthu akuchokera kumanda ndinathamangira mayi kunjira. Galimoto inkakwawa pambuyo pawo, galasi litatsitsidwa lonse.

"Achemwali, kwerani. Mwatopa."

Mayi sanacheuke. Malume anabwerezanso, mpaka anaima n'kutsegula okha chitseko. Ndinaona mkati mowala, mofunda, monunkhira ngati sopo wodula. Ndinakoka chitenje cha mayi, iwo anandigwira dzanja mwamphamvu n'kumayendabe. Pamenepo ndinalira mokuwa, ndikudziponya m'matope.

"Musiyeni alire," anatero amayi ena pambuyo pathu, "wakumbuka mng'ono wake."

Ine ndinkadziwa kuti mwana wagona ndipo adzuka. Chomwe chinkandipweteka n'choti malume atiitana kwa nthawi yoyamba, chitseko chili chotsegula, koma mayi akukana popanda chifukwa.